Galimoto Ikakana Kulira, Yambani Mwaona pa Mitu ya Batire

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi, Thuchila, Mulanje

Alimi anzanga, nkhani yathu ya lero si ya mbeu, kapena ya manyowa, kapena ya mizere yotchinga madzi ai. Lero tikamba za galimoto. Kapena ena mwa inu mudzati, "Kodi mlangizi wayamba liti umakaniko?" Yankho lake ndi lakuti ulimi suthera m'munda. Fodya amene mwamuumitsa m'chigafa ndi kumsankha bwino sasanduka ndalama kufikira atafika ku okushoni ku Limbe, kumene msika wa fodya unatsegulidwa m'chaka cha 1938. Chimanga ndi nandolo ziyenera kufika kumsika, feteleza ayenera kufika kumudzi mvula isanagwe, ndipo zonsezi zikwera galimoto. Alipo alimi amene ali ndi kagalimoto kaokao, ena asonkherana m'kalabu nagula lole, koma ambiri a ife tichita kulipira kwa eni ake. Mulimonsemo, galimoto ikakana kulira m'mawa wa tsiku lonyamula mabelo, wotaya ndiye mlimi. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kawirikawiri zichitika chotere. Katundu wapakiridwa, dalaivala apotoza kiyi, ndipo m'malo mwakuti injini ilire pangomveka kuti "tha!" basi. Pomwepo onse oimirira anena mau amodzi: "Batire latha." Atuma mnyamata panjinga kukalitchajitsa ku Nkando kapena ku Luchenza, tsiku nkupita. Pena mwini galimoto atenga ndalama za katundu yemweyo nagula batire latsopano. Galimoto ilira, onse akondwa, koma patapita masabata owerengeka vuto libweranso. Chifukwa chake nchakuti nthawi zambiri batire silinalakwe konse. Moto unalimo, koma unasowa podzera, pakuti pamene waya agwirana ndi batire panali padothi kapena polekera. Vuto lotere lichizika ndi sipanala, soda wa therere ndi theka la ola.

NJIRA IMENE MOTO UYENDAMO

Kuti timvetse bwino, tiyambe tadziwa batire lenilenilo. Batire la galimoto ndi bokosi la zipinda 6. M'chipinda chilichonse muli timapale ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi, ndipo chipinda chilichonse chipereka mphamvu yopitirira pang'ono ma volt 2. Zonse pamodzi, batire likakhuta, zipereka ma volt 12.6. Anayamba kupanga batire la mtundu umenewu ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. Kale galimoto ankaziliza ndi chitsulo chopukusa pamanja, chimene chinathyola mikono ya anthu ambiri, kufikira mu 1912 pamene galimoto za Cadillac ku America zinatuluka ndi sitata ya magetsi yokonzedwa ndi Charles Kettering. Sitatayi ndiyo igwira ntchito ya mkono wa munthu: itembenuza injini mpaka idzuke.

Pamwamba pa batire pali mitu iwiri ya mtovu. Wina uli ndi chizindikiro cha + ndipo ndi wokulirapo, wina uli ndi chizindikiro cha − ndipo ndi wocheperapo. Pa mutu uliwonse pavekedwa chitsulo chonga chibangiri, chomangidwa ndi kabawuti. Amakaniko achitcha terminal, koma ife m'nkhani ino tizichitcha chibangiri.

Tsono moto wa magetsi suyenda ulendo wopita kokha. Uyenera kuchoka ku batire, kukagwira ntchito, ndi kubwereranso ku batire. Uchoka pa mutu wa + kudzera m'waya wamkulu kunka ku sitata. Pobwerera ulibe waya wakewake wautali, koma udzera m'chitsulo cha injini ndi cha galimoto yomwe, kenaka m'waya wamfupi wokhuthala amene amangidwa ku chitsulocho mbali imodzi ndi ku mutu wa − mbali inayo. Waya ameneyu amakaniko amtcha earth. Chotero pali malo anai oyenera kuwaloweza pamtima: pa mutu wa +, pa sitata pamene waya wamkulu athera, pa chitsulo pamene waya wa earth amangidwa, ndi pa mutu wa −. Galimoto zambiri zilinso ndi kalamba ka mawaya oluka kolumikiza injini ndi thupi la galimoto. Amenewa ndi malo achisanu. Pakalakwika malo amodzi okha mwa amenewa, njira yonse yatsekeka.

CHIFUKWA NINJI NYALI ZIYAKA KOMA INJINI IKANA?

Apa ndi pamene anthu ambiri asokonezeka. Ati, "Mawaya ali bwino, taonani nyali zikuyaka, wailesi ikulankhula." Koma taganizani za ngalande yopititsa madzi kudimba. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala nkutsala kampata kang'ono, madzi odzaza chitini adutsabe, koma madzi othirira dimba lonse sangadutse. Momwemonso moto. Kuchuluka kwa moto woyenda m'waya kuyesedwa ndi muyeso wotchedwa amp. Babu limodzi la nyali yakutsogolo lifuna ma amp osapitirira 5. Sitata ya galimoto yaing'ono ya petulo ifuna ma amp 100 kufikira 200, ndipo ya injini ya dizilo ifuna koposa pamenepo, mwina kawiri.

Tiyese masamu pang'ono. Tinene kuti pachibangiri pali litsiro lochepa, loti nyali ziwiri zikamakoka ma amp 10 pangotayika gawo limodzi mwa magawo khumi a volt. Diso silingaone kusiyana kwake. Koma sitata ikakoka ma amp 200 pa litsiro lomwelo, patayika ma volt 2 athunthu. Batire nalonso limatsika mphamvu pamene likutembenuza injini, kotero zotsala zofika ku sitata sizikwanira. Ndipo mphamvu yotayikayo siipita kwina ai, isanduka kutentha pamalo pomwepo, kutentha kofanana ndi mphamvu ya mababu 7 a nyali zakutsogolo. Sungani mfundo imeneyi, pakuti itithandiza pofufuza: malo olakwika amafunda.

ZIMENE ZIONONGA MALO OLUMIKIZIRA KUNO KWATHU

Choyamba ndi asidi. Batire likamalandira moto limatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo unyamula timadontho ta asidi. Asidi akagwera pa mtovu apanga ufa woyera. Akagwera pa mkuwa wa waya kapena wa chibangiri apanga ufa wobiriwira. Ufa umenewu ndi wonga chuku pa chimanga chofuka: ukauona kunja, dziwani kuti ndi m'kati momwe walowa. Palinso kachikutu kakuda kopyapyala kamene kamera pakati pa mutu ndi chibangiri, kosaoneka kufikira mutavula chibangiricho. Chibangiri chingathe kuoneka choyera kunja ndi cholimba ndithu, koma m'kati moto osadutsa.

Chachiwiri ndi misewu. Galimoto ikasiya tara wa msewu wa Midima nilowa m'tinjira ta kumidzi, igwedezeka ndi kudumpha. Batire losamangidwa m'malo mwake ligudubuzika, likoka mawaya, ndipo zibangiri zilekera pang'onopang'ono.

Chachitatu ndi nyengo. Kuno pafupi ndi phiri la Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo chinyezi chifulumiza dzimbiri pa bawuti ya earth, imene nthawi zambiri ikhala pansi pofika matope. Tonse tikumbukira mmene mitsinje ya ku Mulanje ndi ku Phalombe inasefukira ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023. Koma ngakhale chaka cha mvula yabwino, galimoto yooloka madzi amatope ibwera ndi matope pa sitata ndi pa earth. Kutentha kwa Okutobala kuumitsa madzi a m'batire ndi kuchulukitsa ufa uja. Kenaka miyezi ya chiperoni, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, m'mawa kuzizira, mafuta a m'injini alimba, batire lichita ulesi, ndipo sitata ifuna moto wochuluka kuposa masiku onse. Taonani tsoka lake: miyezi imeneyi ndiyonso ya msika wa fodya ndi yonyamula chimanga. Chibangiri chimene chinkalekerera kuti galimoto ilire m'chilimwe chikana pa nthawi imene mlimi aifunitsitsa.

Chachinai ndi ife eni. Ambiri achotsa batire madzulo kuopa akuba, kapena kukayatsira nyali ndi wailesi m'nyumba, nalibweza m'mawa. Kuvula ndi kuveka tsiku ndi tsiku kufutukula chibangiri ndi kupera mutu, ndipo pofulumira anthu angochikanikiza ndi dzanja osamanga.

KUFUFUZA KWAKE

Kuona maso a nkhono nkudekha. Musathamangire kumasula chilichonse. Imikani galimoto ndi buleki ya pamanja, chotsani giya, ndipo ngati ndi galimoto yosintha yokha magiya onetsetsani kuti ili pa P. Yatsani nyali zakutsogolo. Munthu mmodzi aime chapambali kutsogolo kuyang'ana nyalizo, wina apotoze kiyi. Zimene mudzaona ndi kumva ndi izi:

1. Nyali zinali zowala, koma popotoza kiyi zazimiratu, mwina ndi tinyali ta pa dashibodi tomwe. Ichi ndi chizindikiro chachikulu cha chibangiri cholekera kapena chadothi. Mukachigwedeza nyali nkuyakanso, mlandu watha.

2. Pamveka kugogoda kofulumira, "tha-tha-tha-tha", nyali zikuphethira. Moto ukufika ku sitata koma wochepa. Pangakhale batire lofooka, pangakhalenso litsiro pamitu kapena pa earth. Yambani ndi mitu, pakuti kuiona sikulira ndalama.

3. Injini itembenuka mwaulesi, nyali zifiira ngati khala lamoto. Apanso olakwa angakhale awiri omwewo, ndipo kawirikawiri ndi earth yadzimbiri.

4. Nyali zikhala zowala chiwalire, ndipo palibe chomveka, kapena pamveka "tha" kamodzi. Apa batire ndi mitu yake ziyenera kuti zili bwino, koma moto sukulowa m'sitata. Yang'anani nati ya waya wamkulu pa sitata, ndi kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi, kamene kamasololoka ndi kugwedezeka.

5. Nyali siziyaka konse, hutala salira. Chibangiri chavuka, kapena waya waduka, kapena fyuzi yaikulu yapsa, kapena batire lathadi.

Mutatha kumvetsera, tsegulani boneti ndi kuyang'ana. Kodi pali ufa? Kodi waya watupa m'kati mwa chikutu chake pafupi ndi chibangiri? Kodi timawaya tina taduka? Gwirani chibangiri chilichonse ndi kuyesa kuchipotoza ndi dzanja. Chibangiri chomangidwa bwino sichisuntha mpang'ono pomwe.

Kenaka yesani za kutentha zija. Wina apotoze kiyi kwa masekondi 5, asiye, ndipo inu mukhudze mosamala malo aja amodziamodzi ndi kuseri kwa chala. Malo ofunda kuposa anzake ndiwo akudya moto wanu. Pena mudzaona kautsi kapena kumva kuthetheka pamenepo. Musapotoze kiyi kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ndipo muzipumitsa sitata mphindi imodzi, kuopa kuiotcha.

Ngati mukaikira earth ndipo muli ndi waya wobwerekera moto, manani mbali imodzi pa mutu wa − ndi mbali inayo pa chitsulo choyera cha injini. Galimoto ikalira, mwadziwa kuti njira yobwerera ndiyo inatsekeka.

Masiku ano timamita toyezera moto tipezeka m'masitolo a zamagetsi, ndipo kalabu ya alimi yokhala ndi galimoto ichita bwino kusunga kamodzi. Injini ili chete, gusitsani nsonga zake pa mitu yeniyeni ya mtovu, osati pazibangiri. Ma volt 12.6 ndiye kuti batire lakhuta, 12.2 lili pakati. Kutsika pansi pa 12 ndiye kuti lili ndi njala yaikulu. Tsono yezaninso pamene wina akupotoza kiyi. Ngati pamitu patsika kupyola 9.6, batire ndi lofooka. Koma ngati pamitu pakhala 11 kapena 12, pamene pazibangiri pakutsikira kutali, batire lilibe mlandu. Mungathenso kuika nsonga imodzi pamutu ndi inzake pachibangiri cha mutu womwewo; popotoza kiyi mita isapitirire 0.2.

KUTSUKA NDI KUMANGA

Konzani zinthu izi: sipanala yoyenera, nthawi zambiri nambala 10 ndipo pena 13, soda wophikira therere, kapu ya madzi ofunda, mswachi wotha ntchito, kachidutswa ka sandipepa, nsanza, ndi Vaseline kapena gilizi pang'ono. Amai adziwa kale kuti soda, monganso chidulo, athetsa kuwawasa. Asidi wa m'batire ali m'gulu la zowawasa zomwezo, kungoti iye ndi waukali woti nkuotcha khungu, ndipo soda amgonjetsa chimodzimodzi.

1. Zimitsani zonse ndi kuzula kiyi. Vulani mphete, wotchi ndi chibangiri cha pamkono. Pasakhale wosuta fodya, kapena nyali ya parafini, kapena muuni pafupi.

2. Masulani poyamba mutu wa earth, umene pa galimoto za masiku ano ndi wa −. Chifukwa chake nchakuti galimoto yonse ndi njira ya moto wobwerera. Mukayamba ndi wa + sipanala nkukhudza chitsulo cha galimoto, moto wonse wa m'batire udzadutsa m'sipanalamo, ndipo ingathe kufiira ndi kuotcha dzanja. Koma earth ikachoka, ngoziyo yachokanso. Amene asunga makina akalekale achenjere: galimoto ndi mathirakitala ambiri a ku Britain a m'zaka za m'ma 1950, monga ka Ferguson kotuwa kaja kamene kanapangidwa kuyambira 1946 kufikira 1956, anali ndi earth ku mutu wa +. Lamulo ndi lakuti tsatani waya ndi maso: amene wamangidwa ku chitsulo cha galimoto ndiye woyamba kuchoka.

3. Chibangiri chikakanirira, musachimenye kapena kuchitukula ndi chitsulo. Masulani nati, futukulani kukamwa kwake pang'ono ndi sikuludalaivala, ndi kuchipotoza uku ndi uku mpaka chivuke. Kenaka masulani mutu winawo.

4. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya soda m'kapu ya madzi. Viikani zibangiri m'menemo; mudzaona thovu likufufuma. Thovu likaleka, asidi watha. Tsukani mitu ndi pamwamba pa batire ndi mswachi, koma samalani kwambiri kuti madzi a soda asalowe m'zipinda, pakuti adzapha asidi wofunika wa m'katimo. Tsukuluzani ndi madzi oyera ndi kupukuta mpaka paume.

5. Kwechani mitu ndi m'kati mwa zibangiri ndi sandipepa kufikira chitsulo chiwale. Musapitirize, pakuti mtovu ndi wofewa, ndipo mutu ukachepa chibangiri sichigwiranso.

6. Pamene batire lili lomasula, pitani ku malo ena aja. Masulani bawuti ya earth, palani dzimbiri ndi penti pachitsulo mpaka pawale, ndi kumanganso zolimba. Onaninso nati ya pa sitata. Ntchito ya pa sitata isachitike konse batire lili lolumikiza.

7. Pobweza yambani ndi mutu wa +, ndipo earth ikhale yotsiriza. Tsitsani chibangiri mpaka pansi pa mutu, pakuti mutu ndi wonenepa kunsi. Mangani mpaka chileke kupotoka ndi dzanja, osati mpaka kabawuti kaduke.

8. Mutamanga, pakani Vaseline kapena gilizi pamwamba ponse kuti chinyezi chisalowe. Mangani batire lenilenilo m'malo mwake ndi chitsulo chake.

Chibangiri chong'aluka, kapena chimene milomo yake yakumana koma chikali cholekera, chatha ntchito. Waya wobiriwira m'kati ayenera kudulidwa kufikira pamene mkuwa uli wowala, kapena kusinthidwa ndi wina wokhuthala mofanana. Mtengo wa zimenezi ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa batire.

Malole ambiri ali ndi mabatire awiri olumikizana, opereka ma volt 24. Pamenepo mitu ndi inai, ndipo kawaya kamfupi kolumikiza mabatirewo kaiwalika kawirikawiri. Pa njinga yamoto malamulo ndi omwewa, kungoti timitu take timangidwa ndi tisikuluu ting'onoting'ono timene timasuka msanga.

MACHITIDWE OYENERA KULEKA

Pali nzeru zina za m'njira zimene zithandiza lero koma ziononga mawa. Kugogoda chibangiri ndi mwala kuliza galimoto ndithu, chifukwa kuswa kachikutu kakuda kaja, koma kung'alulanso pamene mutu ulowa m'bokosi, ndipo kuyambira tsikulo asidi atulukira pamenepo kosaleka. Kukhomera msomali pakati pa mutu ndi chibangiri kuchititsa kuti moto wonse udzere pa kansonga kamodzi, nkusungunula mtovu. Kuthira chakumwa chozizira cha m'botolo kusiya shuga womata fumbi. Kukhudzanitsa mitu iwiri ndi waya kapena sipanala kuti muone ngati muli moto ndi kusewera ndi maso anu, pakuti mpweya wotuluka m'batire uyaka ngati wonga, ndipo batire likaphulika limwaza asidi kumaso.

Palinso chizolowezi chovula chibangiri injini ikulira, poyesa ngati dainamo ikugwira ntchito. Pa galimoto za masiku ano, zimene dainamo yake itchedwa alternator ndipo zili ndi kakompyuta koyendetsa injini, kutero kungathe kuotcha zipangizo zodula koposa batire. Muyeso woyenera ndi wa mita: injini ikulira, pamitu pakhale ma volt a pakati pa 13.8 ndi 14.5.

Asidi akagwera pakhungu sambani ndi madzi ambiri. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera osalekeza kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Batire lakufa musaliswe pakhomo kapena kulisiya poseweretsa ana, ndipo asidi wake asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Libwezeni kwa ogulitsa kapena kwa ogula mabatire akale.

KUBWEREKA MOTO NDI KUKANKHA

Ngati mitu ili yoyera ndi yolimba koma batire lili ndi njala, mungathe kubwereka moto ku galimoto ina ya ma volt ofanana. Lole ya 24 isapatse moto galimoto ya 12. Galimoto ziwirizo zisakhudzane. Waya wofiira ayambe pa + wa batire lanjala, apite pa + wa batire labwino. Waya wakuda ayambe pa − wa batire labwino, ndipo mbali yake yotsiriza imanidwe pa chitsulo cha injini ya galimoto yodwalayo, patali ndi batire, kuti kuthetheka kuchitikire kutali ndi mpweya uja. Pochotsa yambani ndi amene munatsiriza. Kutembenuza mawaya, + kupita ku −, kuononga zambiri m'kamphindi.

Kukankha kuthandiza pa galimoto ya giya ya pamanja, koma yosintha yokha magiya siilira ndi kukankha. Ndiponso lole yodzaza mabelo si yokankhira pamtsetse. Ngozi yake iposa phindu. Tikumbukire kuti kukankha sikuchiza kanthu. Chibangiri chadothi chikaniza moto potuluka, chikanizanso pobwera, kotero batire silikhuta ngakhale galimoto iyende kufika ku Limbe ndi kubwerako. Ndi njira imeneyi litsiro la pamutu lipha batire labwino, pakuti batire lokhalitsa ndi njala lifa msanga.

PAMENE VUTO LILI KWINA

Sitikunena kuti batire silitha ai. Batire lili ndi zaka zake, ndipo kumalo otentha ndi misewu yokumbika litha msanga. Likatupa m'mbali, likang'aluka, likanunkha ngati dzira lovunda, kapena likatha moto usiku umodzi mutalitchajitsa bwino, pamenepo gulani lina. Pa mabatire okhala ndi zitsekerero, onani kuti madzi aphimba timapale. Akachepa onjezani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pachitsime kapena pamjigo, ndipo musaonjeze asidi. Onaninso lamba wotembenuza dainamo, pakuti akalekera batire silidya.

Ndipo ngati sitata itembenuza injini mwamphamvu monga mwa masiku onse koma injini osadzuka, siyani batire. Vuto lili ku mafuta, ku mpweya wolowa m'mapaipi a dizilo, kapena ku mapulagi. Kupitiriza kupotoza kiyi kungomaliza moto. Zikafika apa itanani makaniko wodziwa, ndipo mumuuze zonse zimene mwaona ndi kuyesa. Safunsa anadya phula.

MAU OTSIRIZA

Mlimi wanzeru sayembekeza mvula yoyamba kuti akwezere khasu, ndipo samata nkhokwe chimanga chili kale pabwalo. Chimodzimodzi galimoto. Kamodzi pamwezi tsegulani boneti, gwedezani zibangiri, yang'anani ufa, ndi kuona ngati batire lili chimangire. Kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso msika wa fodya usanatsegulidwe, vulani zibangiri ndi kutsuka monga tafotokozera, pamodzi ndi earth. M'galimoto musasowe sipanala, kapaketi ka soda ndi kachidutswa ka sandipepa.

Inu a m'makalabu, sankhani munthu mmodzi woyang'anira ntchito imeneyi, ndipo azilemba m'buku tsiku limene waichita. Inu amene mulipira galimoto za ena, musachite manyazi kupempha dalaivala kuti azimitse injini ndi kuilizanso pamaso panu musanapakire katundu. Galimoto imene mwini wake aopa kuizimitsa idzakugonekani panjira ndi fodya wanu. Ndipo tsiku limene idzangoti "tha", musafulumire kumasula mfundo ya ndalama za feteleza. Yatsani nyali, mvetserani, gwirani mitu iwiri ija, ndi kutsata waya wa earth kufikira pamene athera. Amene afuna kuona ntchitoyi ikuchitika ndi manja afunse mlangizi wa m'dera lao kuti akonze tsiku la chionetsero pamodzi ndi makaniko wa pafupi.